Kansalu koyeza mtima kosatsekereza thukuta: kalipodi kapena ndi za pavidiyo chabe?

MwanaWaChamama
Akuluakulu pagulu pano, ndigawireni nzeru. Mayi anga akhala akudandaula kuti mtima ukumathamanga, kenaka n'kudumpha. Tinapita nawo ku Lilongwe. Adokotala anawamata timapulasitala pachifuwa tokhala ndi mawaya olowa m'kabokosi komangirira m'chiuno, n'kutiuza kuti agone nako tikabweze mawa lake. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno, pofika usiku tina tinali titamatuka ndi thukuta. Pamene tinakakamirapo panatuluka nsungu zoyabwa, moti mpaka lero pali zipsera. Powerenga zotsatira akuti zambiri sizinajambulike bwino, tipitenso. Thiransipoti ya anthu awiri kuchokera kuno ku Chamama nonse mukuidziwa.

Tsopano mphwanga wanditumizira kavidiyo koonetsa kansalu kopyapyala kwambiri, akuti ka nanofiber. Amakamata pakhungu n'kumayeza mtima, koma thukuta ndi mpweya zimadutsa. Kodi zimenezi zilipodi? Ngati zilipo, munthu angazigule kuti? Zikundiwawa kuona mayi akuzunzika kawiri ndi chinthu chofuna kuwathandiza.

Kabaza_Chinkhoma
Pepani ndi matendawo achimwene. Koma musavutike ndi za kunja. Pamsika wa paboma pali mawotchi oyeza BP, shuga ndi mtima, zonse pamodzi. Ine ndili nayo, ndimadziyeza m'mawa uliwonse ndisanakwere njinga.

NamwinoWaUsiku
A Kabaza, chonde musawatumize kumeneko. Palibe wotchi yoyeza shuga m'magazi popanda kuboola khungu imene inavomerezedwa. Mu Febuluwale 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachita kuchenjeza anthu poyera kuti asagwiritse ntchito mawotchi kapena mphete zonena kuti zimayeza shuga mwanjira imeneyo. Ngakhale kachipangizo ka FreeStyle Libre kamene anthu a shuga amamata kuseri kwa mkono kwa masiku 14 kali ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu. Munthu womwa mankhwala a shuga akakhulupirira nambala yabodza akhoza kukomoka kapena kufa kumene.

Kabaza_Chinkhoma
Koma achemwali, nambala zake zimasintha. Ndikakwera mtunda imakwera. Ikanakhala yabodza bwenzi ikutero?

Nachisale_Santhe
Kuwerenga kugunda kwa mtima mwina ena amatha. Koma BP ayi. Bambo a kunyumba anagula yotereyi, mwana wathu anaimanga pamunsi wosinjira, inaonetsa nambala ya BP ndithu. Tsiku lomwe inkawauza kuti ali bwino, kuchipatala anawapeza BP ili pamwamba zedi ndipo anayamba mankhwala pompo.

MphunzitsiWaSayansi
A MwanaWaChamama, pepani kwambiri. Kabokosi kamene anawamangirira mayiwo ndi Holter. Kansalu kamene mwaonako kalipodi, si bodza, koma ndifotokoze pang'onopang'ono kuti muone pamene zinthu zafika.

Mtima ukamagunda umatulutsa mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri imene imafika pakhungu. Timapulasitala tija timakhala ndi kachitsulo ndi mafuta onanda otolera mphamvuyo. Tsono khungu limatulutsa chinyezi usana ndi usiku, ngakhale pamene munthu sakumva kuti akutuluka thukuta. Mukalitseka ndi chinthu chosadutsa mpweya, chinyezicho chimaunjikana pansi pake, khungu limafewa n'kuyamba kuyabwa, guluu n'kulekerera. N'zimene zinawachitikira mayi. Kusiyana kwa pulasitala ndi kansalu ka nanofiber kuli ngati kusiyana kwa jumbo ndi neti ya udzudzu: zonse zimaphimba, koma chimodzi chili ndi mabowo.

Kapangidwe kake amakatcha electrospinning, ndipo si katsopano. Anton Formhals anali atalembetsa kale luso limeneli mu 1934. Amasungunula pulasitiki m'mankhwala amadzimadzi n'kuika m'jekeseni, kenaka kunsonga ya singano amalumikizako magetsi amphamvu, kawirikawiri oposa ma volt 10,000. Magetsiwo amakoka madziwo kukhala kaulusi kamene kamauma kali m'malere n'kukagwera pambale yachitsulo. Timaulusi tikaunjikana mopingasana timapanga kansalu kodzaza ndi timabowo. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, ndipo timaulusi timeneti timakhala ta mananomita mazana ochepa. Tsitsi limodzi ndi lonenepa kuposa pamenepo maulendo 100 kapena kuposerapo.

Amene anatchuka ndi kuyezera thupi pa kansalu kotere ndi gulu la Takao Someya pa yunivesite ya Tokyo ku Japan, mu 2017. Iwo anapanga timaulusi ta PVA, pulasitiki yosungunuka m'madzi imene imapezekanso m'mankhwala ena odonthezera m'maso, n'kutikuta ndi golide wopyapyala. Amaika kansaluko pakhungu n'kuwazapo timadzi. PVA imasungunuka, golide uja n'kutsala atakakamira pakhungu motsatira timizere take, popanda guluu. Anayesa pa anthu 20 kwa sabata yathunthu ndipo khungu silinatupe pansi pa kansaluko, pomwe zomata za pulasitiki ndi labala zinkasowetsa anthu mtendere. Anakapinda ndi kukatambasula maulendo oposa 10,000 koma kankadutsabe magetsi.

MwanaWaChamama
Aphunzitsi zikomo, tsopano ndamva. Ndiye kuti ndikhoza kutuma munthu wa ku Joni akandigulire?

MphunzitsiWaSayansi
Ayi achimwene, musataye ndalama. Zimene mwaonazo zambiri zikadali m'manja mwa ofufuza. Komanso kavidiyo sikaonetsa zonse. Kansaluko ntchito yake ndi kutola mphamvu pakhungu basi. Pafunikabe batire, kachipangizo kokuza mphamvuyo, ndi kena kotumiza ku foni. Pamene kansalu kofewa kakulumikizana ndi zolimbazo ndi pomwe pamaduka msanga. Kagolide koyamba kaja sikankalimba kukapekesa. Mu 2021 gulu lomwelo linaonetsa kena kolimbirapo, kopangidwa ndi timaulusi ta pulasitiki ina yotchedwa polyurethane, kamene kanajambula mtima kwa sabata. Akupita patsogolo ndithu. Koma wina akakuuzani lero kuti akugulitsa kansalu ka nanofiber koyeza matenda onse, mufunseni ngati a PMRA, bungwe loona za mankhwala kuno ku Malawi, anakavomereza.

MlimiWaFodya_Chulu
Ine funso langa lili pa anthu 20 aja. Ankagwira ntchito yanji sabata imeneyo? Ngati ankakhala mu ofesi, sizikundiuza kanthu. Abwere adzamate pa ine mu Novembala ndikukweza mizere, fumbi litasakanikirana ndi thukuta, madzulo ndikusamba ndi sopo wamtanda ndi chinkhupule. Kakafika Lachisanu ndidzakhulupirira. Timabowo timene mukutitamato fumbi la kuno silingatitseke?

MdzukuluWaWimbe
Bambo, kunena za thukuta lokha, ku Tokyo nakonso nyengo yotentha kumakhala chinyezi chadzaoneni. Koma za fumbi, khasu ndi chinkhupule mwalasa. Chinthu choyesedwa pamkono wa munthu wokhala pansi chiyenera kuyesedwanso pa munthu wa kumunda chisanatchedwe chathu.

MlimiWaFodya_Chulu
Popeza tikukamba za khungu, anamwino ndifunseko. Tikamathyola fodya m'mamawa mame asanaume, anyamata ena amachita chizungulire, mutu, mpaka kusanza. Akuluakulu amati ndi njala kapena dzuwa. Kansalu kameneka kangauze munthu kuti wafika poipa?

NamwinoWaUsiku
Si njala imeneyo bambo. Fodya akanyowa, chikonga chake chimasungunuka m'mamewo n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Ndi matenda odziwika kwa othyola fodya wamuwisi padziko lonse, ndipo ana ndi amene amapwetekeka msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Apa simufunika sensa, kachipangizo koyezera. Dikirani masamba aume, valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, zikanyowa vulani musambe ndi sopo. Ana asalowe m'munda wa fodya.

Kabaza_Chinkhoma
Magolovesi a antchito onse agule ndi chiyani, fodya wake akumubweza ku okushoni? Feteleza yekha wamaliza anthu chaka chino.

MlimiWaFodya_Chulu
Musandiyambitse za mitengo aise, tikhala pano mpaka mawa. Chaka chamawa theka la munda ndikuika soya.

Woyang'aniraGulu
Abale, za fodya ndi soya titsegulire pake. Pano tithandize mnzathu ndi nkhani ya mayi ake.

NamwinoWaUsiku
Ndibwerere kwa a MwanaWaChamama. Mukapitanso, auzeni poyamba pomwe kuti khungu linatupa, muwaonetse zipserazo, ndipo mufunse ngati ali ndi timapulasitala ta khungu losachedwa kutupa. Tsiku limenelo mayi asambe koma asadzole mafuta alionse pachifuwa, chifukwa mafuta ndi amene amamatula msanga. Pemphani timapulasitala tina tapadera, akuonetseni pomata kuti kena kakagwa mubwezeretse nokha. Musamate pabala. Ngati muli ndi abale mu Lilongwe gonani komweko, kusiyana ndi kukhala mothinana m'minibasi dzuwa lili pamutu. Tengani kope muzilemba nthawi imene amva mtima ukudumpha, zimawathandiza adokotala powerenga. Koma akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, musadikire tsiku limene anakupatsani.

Tsopano ndinene chimene chandikhudza m'zimene afotokoza aphunzitsi. Ine ndikamva za kansalu kosafuna guluu sindiganiza za akuluakulu, ndimaganiza za ana obadwa masiku asanakwane. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 linaika Malawi pamwamba penipeni, ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse obadwa amoyo anali osakwana masiku. Khungu la mwana wotere ndi lopyapyala moti mitsempha imaonekera. Ukamamatula pulasitala umanyowetsa kaye ndi thonje, n'kumakoka pang'onopang'ono chala china chitagwira khungu, koma nthawi zina limasupukabe, pamalopo n'kukhala pofiira ponyezimira. Pamenepo ndi khomo la tizilombo.

Chachiwiri ndi kuzizira. Kutentha kwa thupi la mwana kukatsika pansi pa madigiri 36.5 ndiye kuti wayamba kuzizidwa, ndipo wosakwana masiku salira kuti akudziwitse, amangofooka n'kusiya kuyamwa. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno ku Kasungu mukuudziwa. Namwino mmodzi ali ndi ana ambiri, sangayeze aliyense mphindi iliyonse. Ukamaliza wakumapeto, woyamba uja papita nthawi. Kachinthu kofewa kokhala pakhungu osalipweteka, kolira kutentha kukatsika, kangapulumutse ana. Ndipo kopanda mawaya n'kofunika chifukwa mankhwala aakulu a ana amenewa ndi chifuwa cha mayi wawo, njira ija ya kangaroo. Mwana womangidwa ndi mawaya mayi amaopa kumunyamula.

Si maloto okhaokha. Gulu la John Rogers pa yunivesite ya Northwestern ku America linaonetsa mu 2019 masensa ofewa opanda mawaya a makanda, kena pachifuwa kena kuphazi, ndipo pambuyo pake anakawayesa ku Zambia, Kenya ndi Ghana. Amenewo ndi a labala yofewa, si a nanofiber, koma njira ndi yomweyo: chichepe cholemera, chichepe guluu.

MayiWaMapasa
Anamwino mwandikumbutsa zowawa. Anga anabadwa miyezi isanu ndi iwiri. Mmodzi ndinkamuika pachifuwa ine, wina agogo ake. Usiku sindinkagona, ndinkangogwira timapazi kuti ndimve ngati tazizira, chifukwa anatiuza kuti mapazi ndi amene amayamba. Wamkazi mpaka lero ali ndi kachipsera patsaya pamene panali pulasitala ya kapaipi kodyetsera. Chikanakhalapo cholira kuti mwana wazizira, bwenzi ndikugonako ngakhale ola limodzi ndi mtima wokhazikika. Amene mukuti zimenezi n'zosafunika simunakhalepo m'chipinda chimene chija.

AmalumeAKaluluma
Mayi, palibe amene akunyoza ululu wanu, ndipo tithokoze Mulungu kuti ana anakula. Koma ine ndiyankhula monga munthu womwa mankhwala a BP. Vuto lathu si kusowa kansalu ka golide. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Makina oyezera BP omanga pamkono alipo kalekale, amagwira ntchito ndi mabatire a wailesi. Komabe ine ndayendapo mtunda wautali n'kupeza makinawo alibe mabatire, tsiku lina n'kupeza mankhwala atha. Kansalu kakalira kuti BP yakwera, kenaka chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiyambe takonza zimene tili nazo.

MphunzitsiWaSayansi
Amalume, pa za BP ndikugwirizana nanu, ndipo ndionjezere: zipangizo zambiri zoyerekeza BP popanda kufinya mkono zimafunabe kuzifananiza ndi makina a lamba pafupipafupi. Lamba sanalowedwe m'malo. Shuga wa m'thukuta nayenso ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa m'magazi ndipo satsatana naye mokhulupirika, ngakhale ofufuza a ku Berkeley ku America anaonetsa mu 2016 kuti thukuta likhoza kuyezedwa shuga, mchere ndi zina. Koma sindivomera kuti tidikire mpaka zonse zikonzeke. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayesedwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America, anamwino ndi madokotala athu akunena chimene chikufunika, ndipo anafalikira m'zipatala za maboma. Tikakhala chete, zinthuzi zidzapangidwa poganizira anthu ena, ife n'kudzangolandira zosatiyenera.

AmalumeAKaluluma
Pumani anapangidwa kuti atsike mtengo. Uyu wayamba ndi golide.

MdzukuluWaWimbe
Golide wake ndi wochepa kwambiri amalume, wopyapyala kuposa timaulusi tomwe. Ena akuyesa kaboni ndi mapulasitiki odutsa magetsi m'malo mwake. Chimene chingadule ndi choti kansalu n'kotaya. Makina a lamba mugula kamodzi ayeza mudzi wonse. Kansalu ndi munthu mmodzi, sabata imodzi, kenaka kena. Mtengo wake uziwerengedwa pachaka, osati pa kamodzi.

MlangiziWaZaumoyo_Bua
Ine ndimagwira ntchito m'midzi, ndiye ndinene za kumeneko. Tiyerekeze kuti kansaluko kafika ndipo n'kaulere. Katumiza uthenga ku foni ya ndani? M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, yamabatani, ndipo imayenda ndi bambo. Kutchaja ndi kolipira pa trading centre. Uthenga ukabwera kwa ine pakati pa usiku kuti mtima wa agogo akutiakuti sukugunda bwino, ine ndili ndi njinga yakapalasa. Kuyeza n'kwabwino pokhapokha pali wowerenga, galimoto, ndi mankhwala kumapeto kwake. N'chifukwa chake ndikuona kuti anamwino alondola: poyambira ndi m'chipatala, pamene wothandiza ali pafupi ndi bedi.

China, musaiwale mantha a anthu. Mphekesera za anamapopa mu 2017 kumwera kuja zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo azaumoyo ena analeka kulowa m'midzi. Pa katemera wa Covid tinamva zambiri. Tsopano ufike ndi chinthu chagolide chomata pakhungu cholumikizana ndi foni, usanakhale pansi ndi mafumu ndi atsogoleri a mipingo? Ntchito yofotokoza iyambe chinthucho chisanatsike m'galimoto.

MayiWaChigwirizano
Ine ndine mmodzi wa amene angaope, sindibisa. Chinthu chokakamira pathupi chotumiza za m'thupi mwanga kwa anthu osawadziwa, mtima wanga sukuchilandira.

MdzukuluWaWimbe
Mayi, mantha anuwo ali ndi mbali yoona. Kansaluko sikalowa m'thupi, sikatenga magazi, ndipo mukhoza kukachotsa nokha nthawi iliyonse. Koma funso loti zimene kayeza zikupita kwa ndani ndi lofunika kwambiri. Kagundidwe ka mtima wanu ndi chinsinsi chanu monga zolembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA. Aliyense wobwera ndi zoterezi anene poyera kumene akusunga, amene angawerenge, ndiponso ngati munthu angakane osataya thandizo. Akalephera kuyankha, kukana ndi ufulu wanu.

MayiWaChigwirizano
Zikomo mwanawe poyankha mwaulemu. Akandifotokozera namwino amene ndimamudziwa, ndikhoza kumvetsera.

NamwinoWaUsiku
Pali chinanso choyenera kufunsa amene adzabwere nazo: anayesa pakhungu lakuda? Kachipangizo kopanira kuchala koyeza mpweya m'magazi kamagwiritsa ntchito kuwala. Mu 2020 ofufuza a ku Michigan ku America anapeza kuti kwa odwala akuda kankaonetsa kuti mpweya uli bwino pomwe watsika, pafupifupi katatu kuposa mmene zinkachitikira kwa azungu. Zotola magetsi a mtima sizidalira mtundu wa khungu, koma chilichonse choyeza ndi kuwala chiyenera kuyesedwa pa ife. Komanso kufiira kumene ofufuza amayang'ana pofuna kudziwa ngati khungu latupa sikuoneka msanga pakhungu lathu. Ife timadziwa ndi kugwira, kutentha kwa pamalopo, ndi kufunsa wodwala.

Kabaza_Chinkhoma
Ndiye wotchi yanga ija, ndi kuwala kobiriwira kumene kumayaka pansi pake?

MphunzitsiWaSayansi
N'komweko a Kabaza. Kumawerenga kusintha kwa magazi m'mitsempha ya padzanja, ndiye kugunda kwa mtima ikhoza kuyandikira. Za BP ndi shuga pitani akakuyezeni. Ntchito yanu ndi yolemetsa, m'pofunika mudziwe nambala yeniyeni.

Nachisale_Santhe
Zimene anena amalume zandipatsa ganizo. Ife kubanki m'khonde tilipo amayi ambiri a BP. Bwanji titasonkha n'kugula makina a lamba amodzi, tizidziyeza tsiku losonkhana? A mlangizi, zingatheke popanda kulakwira malamulo?

MlangiziWaZaumoyo_Bua
Zingatheke, ndipo ndi zabwino, bola musasanduke madokotala. Gulani ku famase, omanga pamkono pamwamba pa chigongono, osati a padzanja. Pitani nawo kuchipatala chapafupi akawafananize ndi awo n'kukuphunzitsani. Munthu akhale pansi mphindi zisanu asanayezedwe, msana utatsamira, mapazi pansi, mkono pathebulo, osayankhula. Yezani kawiri, lembani m'kope ndi tsiku lake. Ikamafika 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, apite kuchipatala ndi kopelo. Mayi woyembekezera asadikire tsiku lina, apite lomwelo. Wina asasinthe kapena kugawana mankhwala chifukwa cha nambala.

AmalumeAKaluluma
Izi ndiye ndisonkha nawo ngakhale sindine wa gulu lanu. Mabatire akhale ndi thumba lawolawo.

NamwinoWaUsiku
A Nachisale, pogula mufunse malamba awiri, wapakati ndi wamkulu. Lamba wothina pamkono wonenepa amakweza nambala, mukhoza kuopseza munthu amene ali bwinobwino. Muyeze mikono ya amayi anu ndi tepi ya telala musanapite, manambala ake amalembedwa palamba pomwepo.